Atate pa benchi ya kumbuyo

Atate anga ndiwo ankapititsira odwala Ukaristia m'midzi ya kwathu ku Nambuma. Lamulungu Misa ikatha, ansembe ankawapatsa kabokosi kasiliva, iwo n'kukakoleka m'khosi mkati mwa shati, n'kukwera njinga. Panjira sankayankha moni ndi pakamwa. Ankangogwedeza mutu, ndipo anthu ankadziwa chimene anyamula.

Ine ndinakondana ndi mnyamata amene makolo ake anachoka ku Mulanje kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya cha ku Nsaru. Anali wosabatizidwa, ndipo mimba yanga inali itayamba kuoneka. Kutchalitchi kwathu aliyense ankadziwa kuti kholo likavomereza ukwati wosadalitsidwa, limaimitsidwa masakramenti.

Tsiku lina masana tikusenda mtedza pakhonde, kunabwera mkulu wina wa komiti ya tchalitchi, mnzawo wa atate kuyambira ku ubwana.

"Achimwene, nkhaniyi njosavuta," anatero mkuluyo. "Mwanayu angonyamuka mwakachetechete. Inu mudzati anathawa, simukudziwapo kanthu. Ifenso tidzayang'ana kumbali."

Atate anasenda mtedza wina, kenaka anati, "Mwana wanga achoke pakhomo pano ngati wakuba, kuti ine ndizilandira? Nanga ndikamatsegula pakamwa kulandira Ambuye, bodzalo ndiziliika pati?"

Chinkhoswe chinachitika pabwalo pathu, dzuwa likuswa mtengo. Atate anapha mbuzi ziwiri, anaitana akhristu onse a mphakati wathu, ndipo anavina. Sindinawaonepo akuvina chibadwire changa. Miyendo inkapita kwina, ng'oma kwina, mpaka amayi anakhala pansi ndi phwete. Lamulungu lotsatira atate anakabweza okha kabokosi kaja kwa ansembe, n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo, pakati pa amayi oyamwitsa.

Anthu akamandanda kukalandira, ine ndinkayang'ana atate. Ankagwada, mutu pansi, milomo ikugwedera. Tsiku lina titatuluka ndinalephera kupirira.

"Atate, ndinakulakwirani."

"Unalakwadi," anayankha. "Koma izi ndinasankha ndekha, ndipo ndikudziwa chimene ndinasiya. Usandilire. Kumbuyoko ndaphunzira kutonthoza ana, eti."

Mwamuna wanga sanakakamizidwe ndi munthu. Anangoona apongozi ake akugwada kumbuyo kuja Lamulungu ndi Lamulungu, basi n'kukalembetsa kalasi ya obatizidwa. Atate anasangalala ngati mwana. Akabwera kudzatithandiza kusoka fodya m'chigafa, ankamufunsa katekisimu masamba ali m'manja.

"Apongozi, masakramenti alipo angati kodi?"

"Khumi, bambo."

"Amenewo ndi malamulo! Mukufuna ndifere kumbuyo kuja?"

Tinkaseka mpaka mwana kumsana kudzidzimuka.

Zinatenga zaka ziwiri. Mwamuna wanga anabatizidwa pa Pasaka, ndipo ukwati wathu unadalitsidwa Loweruka lina anthu atatha kukolola. Dzulo lake atate anapita kukalapa. Anakhalitsa m'menemo mpaka amayi anayamba kudandaula kuti ansembe aphonya chakudya cha masana.

Pa Misa ya ukwati, ife titalandira, ndinacheuka. Atate ankabwera pang'onopang'ono atavala jekete ya achimwene awo, manja ake aatali kuposa awo. Anthu anawapatukira kuti atsogole. Mkulu wa komiti uja ndiye anawagwira mkono pokwera sitepe. Atalandira, amayi oyamwitsa a kumbuyo kuja anayamba nthungululu, mkati mwenimweni mwa nyimbo, ndipo ansembe sanawaletse.

Panja atate anandilanda mwana, n'kumukweza paphewa, misozi isanaume. Anayenda naye choncho mpaka kunyumba, akupatsa moni aliyense wokumana naye, ngakhale anyamata a kabaza amene sankadziwa n'komwe kuti kuli ukwati.