Atelala a Botolo la Madzi

Aneba athu, mayi osoka zovala, ali ndi matenda a magazi otchedwa sikoselo. Botolo la madzi silichoka pambali pa makina awo, juzi savula ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Loweruka lililonse amayi a ana odwala matendawa amasonkhana pakhonde pawo kudzalimbikitsana.

Tsiku lina mayi wina anabwera atabereka mwana, apongozi ake akumulondola.

"Uyu ndiye watibweretsera magazi oipa," anakalipa apongoziwo. "Apakire azipita kwawo!"

Ine ndinapsa mtima. Mwana akubuula kumsana, iwo akusaka wolakwa!

Aneba anaimitsa makina.

"Amayi, matendawa mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Nanga bambo akewo, mwana wanuyo, anatengera kwa ndani? Mawa tonse tikayezetse magazi, muyambe ndinu."

Apongoziwo sanakayezetse, koma zopakira sanazitchulenso.