A Ezara, Bulu Wawo Ndege ndi Botolo la Kavalo

Ku Pembamoyo munthu akadandaula msana, funso loyamba limakhala lakuti, "Mwafikako kwa a Ezara?" Za ku kiliniki zimabwera pambuyo. A Ezara Kwenda sanaphunzire udokotala, sukulu anailekezera giredi faivi, komanso si sing'anga wa mizu. Ndi mlimi wa chimanga ndi mtedza, mkulu wa mpingo, munthu wamfupi wa dazi lowala amene amayenda mothamanga ngati wasiya nyemba pamoto. Chimene chinawatchukitsa ndi kasutikesi kachitsulo kamene anawasiyira bambo awo. M'menemo muli mankhwala akale amene masitolo ambiri analeka kugulitsa: mafuta a nsatsi otsuka m'mimba, mchere wowawa wosungunula m'madzi, timadzi tonga inki topaka pachilonda, ndiponso mfumu ya onsewo, botolo lalitali lakuda lokhala ndi chithunzi cha kavalo.

Bambo awo, malemu a Simeoni, ankasamala akavalo pa famu ya fodya ya mzungu wina kufupi ndi Chipata. Atabwerera kumudzi anabwera ndi kasutikesiko ndi nkhani zosatha. Ankasimba za Loweruka limene azungu a m'mafamu ankasonkhana padambo louma kudzathamangitsa akavalo, okwera atavala malaya owala, fumbi lili koboo, madona akukuwa mpaka zipewa kugwa. Mpikisano ukatha, a Simeoni ankapaka miyendo ya akavalo mankhwala a m'botolo lakudalo, otsala m'manja n'kudzipaka okha m'mawondo. Anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi osagwirapo ndodo, ndipo kwa mwana wawo umenewo unali umboni wokwanira.

Botololo likatsala pang'ono kutha, a Ezara amakwera minibasi kupita ku Chipata, kusitolo ya mankhwala a ziweto. Masiku ano mankhwalawo amabwera m'kachigubu ka pulasitiki, koma iwo akangofika kunyumba amawatsanulira m'botolo la bambo awo, ati mankhwala akakhala m'pulasitiki amagona tulo. Fungo lake limakafika kumpanda wachitatu, ndipo pakhungu amatentha ngati tsabola wa kambuzi. Odwala amabwerabe. Wina amachira, wina amangoiwala msana chifukwa chotanganidwa ndi kutenthako.

A Ezara anali ndi bulu mmodzi wokoka kangolo, dzina lake Ndege. Dzinalo anamupatsa tsiku lomugula, asanamudziwe bwino. Ndege ankayenda ngati akuperekeza maliro, ndipo akaona mthunzi wa mango ankaima kuti aganize kaye.

Chaka china mtedza unabereka bwino, ndipo a kopaletivu anaitanitsa msonkhano wokonza chionetsero cha zaulimi pabwalo la mpira la pasukulu. Anthu anatchula zomwezo za chaka chilichonse, dzungu lalikulu, makwaya, mpira wa achinyamata. A Ezara anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Tiikepo mpikisano wa akavalo," anatero.

Kenako alamu awo, a Zangaphee Sakala, mlongo wa mayi a kunyumba kwawo, anafunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Akavalowo, alamu, mwawamanga kuseri kwa nkhokwe?"

"Bulu ndi msuweni wa kavalo," anayankha a Ezara. "Mwini akasowa pamwambo, msuweni amaimirira."

Anthu anaseka mpaka mlembi anagwetsa cholembera, koma mfundoyo inadutsa. A Zangaphee nawo anali ndi bulu, wolira usana wonse, wotchedwa Wayilesi, ndipo sakanalola kuti mlamu wawo atenge ulemu yekha. Abulu onse amene analembetsedwa anali asanu. Mphoto zinali khasu latsopano ndi tambala. A Ezara anaumirira kuti wokwera akhale mwini bulu, osatuma munthu, pomwe iwo anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu.

Masabata awiri otsatira pakhomo pawo panalibe mtendere. M'mawa uliwonse ankakwera Ndege n'kumuzungulitsa nkhokwe, akumulankhula mokoma za msuweni wake wa pachithunzi. Mkazi wawo, mayi Elinata, ankasenda mtedza pakhonde akuonerera.

"Bambo a Thokozile, inu mukadzathyoka mwendo tidzakupakani chiyani, poti botolo mukhala mutamalizira pa bulu?"

"Amake mwana, mudzaona nokha. Mundisokere malaya owala basi."

Mayi Elinata anang'ung'udza, koma mumtima nkhaniyo inkawakoma. Anatenga katani yakale ya maluwa achikasu n'kusoka malaya pamanja. Mkono umodzi unatalika kuposa unzake. A Yosefe, mnansi wawo amene anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Luanshya, anawabwereka chipewa cholimba cha pamgodi, ndipo iwowo ndi amene anasankhidwa kudzaimba wezulo.

Tsikulo linafika, Loweruka la mwezi wa Julaye, kamphepo kakuwomba. Anthu anabwera pa njinga ndi pangolo kuchokera ku Mlolo ndi ku Zingalume komwe, pakuti mbiri inali itamveka kuti ku Pembamoyo akuluakulu a mpingo akukakwera abulu. A Yosefe anafotokoza njira. Abulu anyamuke pagolo la kum'mawa, akazungulire chulu chimene chili kumapeto kwa bwalo, abwerere pagolo lomwelo.

A Ezara anayang'ana Wayilesi, bulu wonenepa wa alamu awo, n'kuyang'ananso Ndege amene anali akuwodzera. Anamukokera kuseri kwa kalasi, natulutsa botolo m'thumba. Bambo awo ankapaka mpikisano utatha, koma iwo anaganiza kuti chimene chimachiritsa pambuyo chikhoza kuthandizanso patsogolo. Anapaka miyendo yonse inayi. Poti ankachita mofulumira, botolo linapendekeka, ndipo pafupifupi theka linakhuthukira pa saka limene anayala pamsana pa bulu ngati chokhalira. Wezulo yoitanira inalira. Analibe nthawi yosintha saka, anangolitembenuza n'kukwera.

Pamzere wonyamukira anaoneka bwino ndithu, malaya achikasu, chipewa cha pamgodi chitatsikira mpaka m'makutu. Amayi a Chigwirizano cha mumpingo analuluta. Thukuta linawatsikira m'maso, ndipo analipukuta ndi dzanja lomwe lija lopakira mankhwala.

A Yosefe anaimba wezulo.

Palibe bulu amene anasuntha. Kenako mmodzi anatembenuka n'kulunjika patebulo la chimanga cha chionetsero, nayamba kudya chimene chinali chitangopatsidwa nambala wani. Wachiwiri anamutsatira. Wachitatu anagona pansi n'kuyamba kugubuduka pafumbi, mwini wake atadumphira kumbali. Wayilesi anatsegula kukamwa n'kulira mpaka ana a kumsana anayankha. Ndege anaima chilili. Khutu limodzi linadzuka, linanso linadzuka, khungu la pamsana linanjenjemera, mchira unaima njo.

Anthu amene analipo amanenabe mpaka lero kuti sanaonepo bulu akuthamanga chotero. Ndege anachoka pagolo ngati mwala wa legeni. A Ezara anagwera kutsogolo n'kukumbatira khosi, maso ali tsinzinu, misozi ili chuchuchu, chifukwa mankhwala anali atayamba ntchito m'maso, ndiponso saka lija linali litayamba kulankhula kudzera m'buluku.

"Ndigwireni, sindikuona," anakuwa.

Khamu linamva ngati akuti "Ndioneni," ndipo linawayankha ndi m'manja. Abambo anaponya zipewa m'mwamba. Kwaya ya ku Zingalume, imene inali itandanda pafupi ndi chulu kudikira nthawi yake, inabalalika ngati nkhuku zaona kabawi, woimbitsa akuthawa manja akadali m'mwamba. Ndege sanachiyang'ane n'komwe chulucho. Anadutsa pakati pa njinga, analumpha kangalande, anapyola m'munda wa mbatata wa aphunzitsi, n'kutsetserekera kudambo. Kumeneko kuli dziwe limene anthu amaumbirapo njerwa. Bulu analowa m'madzi mpaka m'mimba n'kukhala pansi ngati munthu wafika kwawo. A Ezara anatsetsereka chagada, thibu m'matope.

Theka la anthu linathamangira kudambo. Amene anatsala pabwalo anaona mpikisano wina. A Zangaphee, ataona kuti Wayilesi sakumva chikoti, anatsika, natola chisononkho cha chimanga chokhala ndi njere zochepa, nachimangirira kunsonga ya ndodo, nakweranso. Wayilesi anatsata chisononkhocho pang'onopang'ono, kuzungulira chulu, kubwerera pagolo, akulira njira yonse. Panatenga nthawi yokwana kuphika mbatata, koma anafika.

Kudambo mayi Elinata ndi amene anayamba kufika, nsalu ataikwinya m'manja. Anapeza amuna awo atakhala m'madzi pambali pa bulu, akusukusula. Atatsimikiza kuti palibe chathyoka, anafuna kukalipa, koma kuseka kunawaposa mphamvu. Anakhala pa mulu wa njerwa n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Tatulukanitu m'madzimo, bambo a Thokozile, anthu akubwera."

"Sindituluka msanga, amake mwana," anayankha motsitsa mawu. "Pamene pakutentha sindingapatchule. Tandiuzani kaye, ndawina?"

Maso atatseguka anayang'ana Ndege, amene anali akupuma mwa befu, makutu atagwa. Chisoni chinawagwira. Anapempha sopo kwa mayi wina amene ankachapa pafupi, nayamba kumusambitsa msana ndi miyendo, akumupepesa pamaso pa anthu onse. "Ndakulakwira, mnzanga. Iwe unali bwinobwino ndi ulesi wako." Alangizi a ziweto atafika anawadzudzula kuti mankhwala otere sathira ngati madzi a m'dimba, ndipo a Ezara anavomera osatsutsa, chinthu chimene mkazi wawo akuti anali asanachionepo.

Mlandu wa mphoto unatenga madzulo onse. A Zangaphee anati iwo ndiwo anatsata njira. A Ezara anati mpikisano ndi liwiro, ndipo bulu wa alamu awo akanapitiriridwa ndi kamba wodwala. A Yosefe anagamula kuti khasu lipite kwa amene anafika, tambala apite kwa amene anathamanga. Alamu awiriwo anagwirana chanza, ndipo tambalayo anadyedwa tsiku lomwelo pakhomo pa a Ezara, a Zangaphee atatenga ntchafu zonse ziwiri.

Dzuwa litalowa, madoda anayamba kufika mmodzimmodzi, aliyense ndi kabotolo m'thumba. Za kudzudzula kwa alangizi anali ataiwala. Chimene anaona ndi maso awo n'chakuti bulu waulesi kuposa onse m'dera lonselo wauluka, ndipo aliyense anali ndi mawondo ake omuvuta. A Ezara anawagawira otsalawo ataimirira, akuwachenjeza kuti apake pang'ono ndipo asambe m'manja.

M'mawa mwake linali Sabata la mgonero, ndipo kunabwera abusa achilendo, munthu wachinyamata wongotuluka kumene kusukulu ya ubusa. Kunkazizira, choncho mazenera anali otseka. Akulu a mpingo anakhala pabenchi lawo kutsogolo, aliyense atapaka mawondo onse awiri mosaumira. Nyimbo yoyamba isanathe, fungo linali litadzaza tchalitchi. Abusa atayamba kulalikira za mwana wolowerera anaona akulu asanu ndi awiri misozi ikutsika, mizere yakutsogolo ikufwenthera, ndiponso mkulu mmodzi wa dazi amene anakana kukhala pansi, ataima chilili pafupi ndi khoma kuyambira pemphero loyamba. Maso a abusawo nawo anayamba kulengeza misozi. Poona kuti mawu akugwira mitima chotere, anatseka kapepala kawo n'kuwonjezera ola lathunthu.

Potuluka anagwira dzanja la a Ezara ndi manja awiri. "Bambo, mwandilimbikitsa. Kuima chiimire maola atatu pomva mawu, sindinazionepo."

A Ezara anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma mayi Elinata anawaponda chala. "Ndi mmene alili, abusa," anatero mayiwo, maso ali pansi. "Zikawagwira sakhazikika."

Mpikisano wa abulu unakhazikika ku Pembamoyo, ndipo chaka chathachi analembetsa khumi ndi mmodzi. A Ezara analetsedwa kukwera, ndi banja lawo komanso ndi mpingo. Tsopano ndiwo olengeza, amaima pangolo ndi chimkuzamawu cha batire n'kumatchula bulu aliyense dzina, mudzi wake ndi khalidwe la mwini wake. Abulu asananyamuke, mayi Elinata amayenda pamzere ndi alangizi a ziweto kununkhiza miyendo ndi masaka, ndipo chaka chatha anagwira alongo awo omwe, a Zangaphee, amene analumbira kuti fungolo linali la mawondo awo. Anawauza kuti akwinye buluku. Mawondo anali ouma, ndipo Wayilesi anaonerera mpikisanowo atamangidwa pamtengo wa mango, akulira.