Sindinacheuke

Linali Lolemba. Ndinkachapa matewera kuseri kwa kanyumba kathu ka malata ku Reiger Park, ku Joni. Mwana wanga Tadala anali ndi miyezi inayi. Bambo ake anali atapita kuntchito yomanga ku Boksburg.

Phokoso linayambira kumunsi, cha kumpopi. Kenako kunabuka utsi. Mayi wina wa konkuno anandinong'oneza kuti akusaka alendo, ndivule chitenje. Ndinavula. Mwana ndinamubereka ndi thawulo, monga achitira eni dziko.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala Abiti Saidi a ku Mangochi. Ndiwo ankandisambitsira mwana mchombo usanagwe, poti mayi anga anali kutali. Ankatsimphina mwendo wakumanzere.

Nditayandikira msewu wa tala, ndinamva mawu awo kumbuyo.

"Amake Tadala, tandidikirani."

Anaitana katatu, m'Chichewa. Kutsogolo kwanga kunali amuna a zibonga. Sindinacheuke. Ndinadutsa pakati pawo ngati mwana wa pomwepo.

Tinakhala masiku ambiri pabwalo la holo ina, apolisi ali pageti. Bambo a Tadala anatipeza tsiku lachiwiri, alibe nsapato. Abiti sanabwere. Sindinafunse munthu aliyense.

Basi yotibweza kwathu inalowa mu N1, msewu wopita kumpoto. Pobwera ku Joni ndinagona pafupifupi njira yonse. Ulendo uno tulo panalibe. Tinadutsa Pretoria, Polokwane, kenako mapiri pomwe msewu umalowa m'phanga. Kuseri kwake kunali milambe ngati ya ku Balaka.

Bambo wina ankayenda m'basimo ndi kope. Ankafunsa mayina a anthu osowa, ndi pomwe tinawaona komaliza. Atafika pampando wathu ndinatulutsa bere n'kuweramira mwana.

Pa Beitbridge tinatsika kuti atidindire mapepala. Dzuwa linali paliwombo. Pamzere wa basi ina ndinaona mpango wobiriwira womwe ndinkaudziwa. Pansi pake panali bandeji. Dzanja limodzi linali lokolekedwa m'khosi ndi nsalu. Mano awiri akutsogolo panalibe.

Anali Abiti Saidi. Anayamba kundiona ndi iwo. Anabwera, n'kumugwira Tadala patsaya ndi dzanja labwinolo. Anati mwana waonda. Anamasula chitenje chawo chapamwamba kuti ndiberekere, ati thawulo likumuotcha.

"Ndinakuitananitu tsiku lija," anatero. "Koma ndi phokoso lija, mukanamva bwanji?"

Ndinangoti eya.

Tinadutsa Harare, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete. Pa Mwanza tinafika m'mawa, ine, Tadala ndi bambo ake, tonse atatu amoyo. Amayi ena anagwada pafumbi n'kupemphera. Abiti anapitirira ulendo wa ku Mangochi.

Kumudzi kunalibe chochita, choncho tinabwereranso ku Joni ndi msewu womwewo. Pano tikukhala ku Vosloorus. Chaka chatha uthenga unabwera pafoni kuti Abiti Saidi anamwalira. Anapita ndisanawauze kuti ndinamva katatu konse.