Kutsukuluza Katatu

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa anandipezera a Tembo, mkulu wa mpingo wathu ku Kanini, amene anali fitala, womanga mainjini, pa wekishopu ina ku Heavy Industrial Area mu Ndola. Tinkakonza majenereta akuluakulu a m'migodi. Ndinali bambo wa ana anayi, wosadziwa kuwerenga.

Gawo langa linali kutsuka mavavu, tizitsulo totsekula ndi kutseka njira yotulutsa utsi mu injini. Ndinkawaviika m'madzi otentha a soda, n'kuwakwecha ndi burashi yawaya, kenako kuwatsukuluza katatu m'madzi a batire, amene alibe mchere. A Tembo anandiphunzitsa kuti chitsulo cha mavavu chimadzikuta ndi kakhungu kopyapyala kokana moto. Koma soda kapena mchere zikatsalirapo, zimasungunuka injini ikatentha, n'kudya kakhunguko, pambuyo pake chitsulo chenichenicho. "Moto wokha sichiuopa," ankatero. "Chimaopa mchere."

Migodi itayamba kugulitsidwa, zonse zinayamba kusowa, mpaka madzi a batire. Tsiku lina ankafuna mavavu eyiti a jenereta lina masana omwewo, m'chigubu mutatsala madzi apansi okha. Ndinatsukuluza kamodzi. Atauma, m'mphepete mwake munatuluka kafumbi kotuwa. Ndinakapukuta ndi mkono wa ovolosi n'kuwapereka.

"Katatu, a Phiri?" anafunsa a Tembo.

Ndinavomera.

Patapita miyezi ingapo jenereta lija linazima. Mavavu awiri anabwerera atadyeka ngati chimanga chofumbwa. Manijala ananena kuti wolakwa ndi a Tembo, amene anamanga injini. Inali nyengo yochotsa anthu, ndipo kuofesi ankangofuna dzina limodzi. Ndinali chiimire pomwepo, ndikuganiza za ana anga, osatsekula pakamwa. A Tembo anapinda ovolosi yawo, anasonkhanitsa masipanala, patapita mwezi anabwerera kwawo ku Katete.

Sukulu ya akuluakulu ndinailowa imvi zitayamba kale. Kalata yoyamba imene ndinalemba ndi dzanja langa inapita kwa iwo. Inanditengera masabata awiri, ndipo ndinaulula zonse.

Yankho lawo linali lalifupi: "Fumbi lija ndinaliona pa ovolosi yanu tsiku lomwelo. Nanenso ndinkaopa manijala, ndinamanga injini ndikudziwa. Mlanduwu ndi wa awiri, musausenze nokha."

Yankholo silinandichotsere mlandu wonse. Koma kuchokera pamenepo, munthu akandifunsa kuti ndatsukuluza kangati, ngati ndi kamodzi ndimanena kuti kamodzi.