Mpinjipinji wa Kuseri kwa Khola

Chinali chaka cha 1961, ine ndili ndi zaka khumi. Fungo lake ndikulikumbukirabe. Tsamba la mpinjipinji ukalifikisa m'manja limanunkha ngati chinangwa chowawa chongosenda kumene.

Chitsambacho chinali kuseri kwa khola lathu ku Kanyenda. Sichinali chachitali, koma kanthambi kalikonse kankathera ndi munga. Masamba ake anali aang'ono, opindika pakati ngati bwato, ndipo maluwa anali oyera, aubweya mkati. Zipatso zikapsa zinkafiira, zowawasa mpaka kutsekula m'maso movutikira. Njere yake yaikuluyo amayi ankasinja n'kutulutsa mafuta odzola.

Mu Okutobala, moto utadutsa, chitsambacho chinaphukira masamba anthete. Ntchito yanga inali kupita ndi mbuzi kudambo. Tsiku lina mchenga unkawotcha mapazi, anzanga akusambira. Ndinatenga chikwanje, n'kusadza nthambi zamphukira, n'kuziponya m'khola. Ndinatseka, n'kuthamangira kumadzi. Masamba anafota padzuwa, mbuzi zanjala zinadya.

Pobwera ndinapeza zitatu zitafa, mimba zitatupa, thovu kukamwa. Ndinakoka nthambi zija n'kukazitaya kudzala. Minga inanding'amba manja, koma sindinalire.

Bambo anati wina wathira mankhwala. Anakumbukira kuti dzulo lake a Chande, mnzawo amene ankaponya naye ukonde umodzi, anadandaula kuti mbuzi zathu zikuwathera chinangwa. M'mawa anakawanena pagombe, asodzi onse akumva. A Chande analumbira kuti sakudziwa kanthu. Bambo anasolola mpeni, n'kudula ukonde pakati, aliyense atenge wake. Ine ndinaima pomwepo, manja kumbuyo.

Amayi okha ndiwo anaona mabala.

"Iwe, minga imeneyi yakulasa kuti?"

"Kudambo, amayi."

Anayang'ananso manja angawo, kenako anapitiriza kusenda chinangwa chawo.

Panthawiyo ndinkaona ngati ndapulumuka mkwapulo, basi. Ndili kale ndi ana m'pamene mlangizi wa ziweto anandiuza kuti masamba anthete a chitsambachi akafota amakhala ndi ululu womwe uja timauchotsa m'chinangwa pochiviika. Sanandiuze zachilendo. Ndinkadziwa kuyambira tsiku lomwelo amene anapha mbuzi. Apo n'kuti a Chande atamwalira kalekale, ndipo bambo kumaliro sanapite.

Zinatayika mbuzi zitatu, imodzi ili ndi bere. Ukonde umodzi. Ndi dzina la munthu mmodzi, limene ndikanalibweza ndi mawu awiri okha: ndine, bambo.