Chitseko cha ba Dyton

Ine ndine Tamara. Ndili ndi kashopu ka makompyuta ku Kanyama, komwe ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a maliro. Anthu amati ndili ndi pakamwa, ndipo sindikana. Koma munthu amene ananditsekapo pakamwa ndi mmodzi yekha, ba Dyton Mbewe.

Ba Dyton anachokera ku Petauke ali mnyamata. Anayamba ndi kuphwanya miyala m'mbali mwa msewu, kenako anaphunzira kukumba zimbudzi ndi ngalande, ndipo ntchito imeneyi akhala nayo zaka zoposa makumi awiri. Sukulu analekezera giredi seveni. Lamlungu ndi mkulu wa mpingo, wa jekete ndi tayi, ndipo akayamba kupemphera ana amagona. Mvula ikamagwa ena tonse timathawira m'nyumba, koma iwo amavala majombo n'kutuluka ndi makoko a chimanga m'thumba. Amaponya khoko pamadzi n'kumalitsatira kuti aone kumene madzi akulowera. Tinkawaseka, ine kuposa onse.

Chaka chatha bungwe lina linabwera ndi pulani yokumba ngalande yaikulu. Tonse tinakondwa, chifukwa kuno mvula ikagwa timayenda pamwamba pa njerwa. Koma ba Dyton ataona mapu atapachikidwa kuofesi ya wadi, anabwera kushopu kwanga nkhope itagwa. Pulaniyo inkatenga madzi onse a mumsewu n'kukawathira m'dzenje lakale lomwe anthu ankakumbamo miyala. Dzenjelo lili kuseri kwa mzere wathu wa nyumba makumi asanu ndi limodzi. Ya ba Dyton ndiyo yoyamba, yanga ndi yachisanu.

"Chija chimugodi chimazula cheka mu Januwale," anatero, kutanthauza kuti dzenjelo limadzaza lokha. "Manzi yachokera pansi. Bakafakamo yenangu, tizasambira mu nyumba."

Komiti ya wadi inawapatsa mphindi khumi pamsonkhano womaliza, tsiku lomwe mainjiniya ankasaina pulani. Akasaina, basi, mathirakitala alowa. Anauzidwa kuti abwere ndi masilaidi oonetsa pa pulojekita ngati anzawo, ndiye anandibweretsera buku la masamba khumi ndi anayi, lolembedwa mbali zonse, kuti ndiike zonse.

"Ba tate, ivi ni vambiri," ndinatero. "Mufuna bantu babelenge olo bamvele imwe?"

"Vonse ni vofunika, mwana wanga."

"Ngati bangakumbuke chintu chimozi chabe, mufuna chinkale chani?"

Anaganiza nthawi yaitali, kenako anati, "Kuti chimugodi chilibe malo."

Tinamanga nkhani yonse pa mawu amenewo. Ndinadula masamba aja mpaka anatsala masilaidi asanu ndi imodzi, iliyonse ya mfundo imodzi, zilembo zikuluzikulu. Tsamba lililonse lomwe ndinataya tinakanganirana ngati ndikuwadula chala. Anandiuzanso kuti ndikajambule chitseko cha nyumba yawo, chifukwa chaka chilichonse amakanda mzere ndi msomali pomwe madzi afika, n'kulemba chaka pambali pake. Ndinapita ndi foni, koma chithunzi chinangotuluka thabwa lakuda, mizere yosaoneka. Ndinati tichisiye.

Kwa sabata yonse ankabwera masana kudzayeserera, ine nditagwira foni ya wotchi. Tsiku loyamba anatha mphindi zisanu ndi ziwiri akupereka moni kwa mipando yopanda anthu. Ndinakalipa mpaka makasitomala anasuzumira pawindo.

"Moni ni umozi, ba tate! Mukambe kuti bakulubakulu nonse nakulemekezani, basi, mungene mu nkani."

"Uko ni kusoba ulemu."

"Ulemu uzatichosa manzi mu nyumba?"

Pofika Lachinayi ankamaliza pa mphindi zisanu ndi zinayi. Analonjeza, dzanja lili pachifuwa, kuti moni ukhala umodzi.

Msonkhano unali Lachisanu m'mawa mu holo ya sukulu. Ba Dyton anafika atavala jekete ya kutchalitchi, akukankha wilibala yofunditsidwa masaka. Ndinakweza saka limodzi. Anali atazula chitseko.

"Nyumba mwaisiya mwazi, ilibe chiseko? Mwapenga?"

"Bamake bana balipo," anayankha. Ndinawakaniza kulowa nacho, poopa kuti anthu atiseka, ndipo anachisiya panja pansi pa windo.

Kutebulo yakutsogolo kunali akhansala, akuluakulu awiri a bungwe, abusa, ndi injiniya wamkulu, mayi wina wamagalasi dzina lake ba Chisala. Wapampando anali ba Fred, amene anali ndi makadi olembedwa manambala oonetsa mphindi zotsala. Mainjiniya anayamba. Masilaidi awo anali okongola, mapu a mitundumitundu, mivi yabuluu yonse yoloza kudzenje kwathu. Anthu anaombera m'manja. Pepala losaina linali kale patebulo, cholembera chili pamwamba pake.

Ba Fred anaitana ba Dyton. Ine ndinakhala pa laputopu, chala chili pa batani. Ba Dyton anaimirira, anamanga batani la jekete, anayang'ana kutebulo kuja, ndipo ndinaona maso awo akuima pa abusa. Anali abusa a mpingo wawo womwe. Pamzere woyamba panalinso asebele awo. Ndinadziwiratu kuti zathera pomwepo.

Anayamba ndi akhansala, mayina onse ndi udindo. Anapita kwa akuluakulu a bungwe mmodzimmodzi, kuwathokoza chifukwa cha ulendo. Atafika pa abusa anawerama, n'kufunsanso za amayi kunyumba. Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso mpaka mayi wa pambali panga anandipatsa madzi. Ba Dyton anali pa asebele, kenako amayi a chigwirizano, kenako achinyamata. Ba Fred anakweza kadi ya nambala folo.

Mphindi zisanu ndi imodzi zapita pa moni! Ndinkafuna kulira, ndinkafunanso kuwagenda ndi mbewa ya kompyuta.

Ataona kadi ija anasokonezeka. Anatembenukira kukhoma, msana kwa anthu, n'kuyamba kuwerenga silaidi yoyamba liwu ndi liwu, chinthu chomwe ndinawaletsa sabata yonse. Mawu awo sankamveka kumbuyo. Wina anakuwa kuti akweze mawu. Anati ndibwerere m'mbuyo, kenako anati ndipite kutsogolo. Ba Chisala anayang'ana wotchi, anatseka laputopu yawo, n'kukokera pepala lija pafupi. Kadi ya nambala thuu inakwera.

Ba Dyton anasiya kuwerenga. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tamara, zimya icho." Kenako anatuluka panja.

Holo yonse inayamba kunong'ona. Ena anaseka poganiza kuti mdala wathawa. Ba Fred anali atatsegula kale pakamwa kuti aitane wotsatira pomwe chitseko chinalowa chopingasa, chili pamsana pa ba Dyton. Anachiimika pansi patsogolo pa tebulo, fumbi linabuka, ndipo iwo anaima pambali pake atachigwira ndi dzanja limodzi.

"Ichi ni chiseko cha nyumba yanga," anatero, ndipo tsopano mawu anali aja a kutchalitchi, ofika mpaka kumbuyo. "Kuchoka apa kufika pa chimugodi ni masitepe fote. Uyu muzele ni 2010, manzi mu nkokola. Uyu ni 2022, mu chiuno. Aya manzi siyachokera ku museu. Yamabwela mvula itasila, pakapita masiku yatatu, kuchokera mu chimugodi. Chimazula cheka kuchokera pansi. Chilibe malo."

Ba Fred anakweza kadi ya ziro. "Ba Mbewe, ntawi yasila."

Ba Chisala anali atagwira cholembera, koma maso ali pachitseko. Anatembenukira kwa mnzawo wina n'kufunsa kuti dzenjelo analiyeza liti. Mnzawoyo anafufuza m'mapepala, n'kuyankha motsitsa mawu kuti mu Seputembala.

"Mu Seputembala bana bamachayilamo bola," anatero ba Dyton, poti mwezi umenewo dzenjelo limauma, ana n'kumaseweramo mpira.

Anthu anaseka, koma ba Chisala sanaseke. Anaika cholembera pansi, anatulutsa tepi yoyezera m'chikwama, n'kuzungulira tebulo. Anagwada pasimenti ndi siketi yawo yabwinoyo, n'kuyamba kuyeza mzere uliwonse kuchokera pansi, akutchula manambala kuti mnzawo alembe. Ankafunsa mafunso achidule: madzi amakhala masiku angati, amayamba kulowera mbali iti, nanga iwo akanawapititsa kuti. Ba Dyton ankayankha mwachidulenso, zomwe sindinaziyembekezere. Anafotokoza za makoko a chimanga, kuti onse akawaponya pamphambano amathawira kumadzulo, kungalande yakale yomwe inatsekeka ndi zinyalala.

Kenako tepi inaima pa mzere wina waufupi, wa m'mphepete, womwe unalibe chaka. Ine pojambula paja sindinauone n'komwe.

"Nanga uyu ni wa chaka chiti? Palembewa chabe Mwiche."

Ba Dyton anaika chala pa mzerewo. "Uyo si wa manzi, mayi. Ni mwana wanga. Nenze kumupima msinkhu pa Khisimasi. Enze na zaka folo." Anasuntha chala m'mwamba pang'ono, kufika pa mzere wautali wolembedwa 2018. "Manzi ya mwezi wokonkapo ni aya. Yanangena mu vimbuzi, yanangena mu nyumba. Anadwala Chibili, pa Chinayi tinaika."

Mzere wa madzi unali pamwamba pa mzere wa mwana ndi zala zinayi. Ndinaziona ndi maso anga, ndipo holo yonse inaziona. Ine ndinasamukira mumzere wathu chaka chotsatira, ndipo kwa zaka zonsezi ndinkangodziwa kuti ba Dyton ali ndi ana atatu. M'masamba khumi ndi anayi aja munalibe dzina la Mwiche paliponse. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinakumbukira momwe ndinanenera kuti chitseko chikhale panja kuti anthu asatiseke.

Ba Chisala anapinda tepi pang'onopang'ono. Anabwerera kutebulo, ananong'onezana ndi akuluakulu a bungwe, ndipo mmodzi wa iwo anayamba kuloza pa kalendala ya m'foni akupukusa mutu. Anakangana motsitsa mawu kwa nthawi yomwe kwa ine inali ngati chaka. Ndinamva mawu akuti mathirakitala alipiridwa kale kuti ayambe Lolemba.

Pomaliza ba Chisala anatenga pepala lija, analiika mufayilo osasaina, n'kunena kuti, "Ba Mbewe, tiyeni mukanilangize chimugodi. Manje manje."

Anapita wapansi, iwo patsogolo ndi ba Dyton, akhansala akutsatira monyinyirika ndi nsapato zawo zopolishidwa. Chitseko chinatsala mu holo. Ndinachikweza ndekha pa wilibala, ndinachikankha mpaka kwawo, ndipo aliyense amene anandiseka panjira ndinamuyankha zomwe sindingalembe pano.

Ntchito inachedwa miyezi itatu, ndipo anthu ena a mumsewu anasiya kupatsa moni ba Dyton chifukwa cha kuchedwako. Ngalande inakumbidwa kulowera kumadzulo. Ba Dyton sanapatsidwe udindo uliwonse, anangolembedwa ganyu yokumba ngati ena onse. Kutchalitchi mapemphero awo sanafupike ngakhale pang'ono.

Mvula ya chaka chino inagwa yambiri. Dzenje linadzaza lokha mu Januwale monga mwa masiku onse, madzi anafika pakhonde pawo n'kuima pomwepo. Sabata yatha, mvula itasiya, ba Dyton analowa m'shopu mwanga ali ndi majombo, matope mpaka m'mawondo. Ndinali nditayamba kale kukalipa za simenti yanga yokolopa pomwe anapisa dzanja m'thumba n'kuika msomali wadzimbiri pa kauntala.

"Sunga uyu, mwana wanga," anatero. "Chaka chino sinalembe."