Mapazi Otupa a Mwana Wanga

Mwana wanga woyamba anatupa mapazi chaka cha njala ija, nditangomuletsa kuyamwa chifukwa ndinali ndi pakati pena. Tsitsi linafiira, masaya anafufuma, ndipo ukadina mwendo chala chinkasiya kadzenje. Kwathu ku Nazombe aliyense ankawadziwa matenda amenewa: tsempho. Ankati bambo wayenda ndi mkazi wina, kenako wadzanyamula mwana ali wotentha.

Mwamuna wanga anali mkamwini pakwathu, ndipo ankakhalitsa ku Chilwa kopikula matemba. Mlandu unamukwana ngati malaya. Amalume anga anaitanitsa ankhoswe, nagamuliratu kuti aulule, mwana amwe zitsamba, iye amange katundu azipita kwawo. Analumbira mpaka misozi kuti sanalakwe. Sindikunena kuti anali mngelo, zakunyanja amazidziwa ndani? Inenso ndinamukwiyira mpaka kumumana madzi osamba.

Koma mutu wangawu sukhutira ndi zongouzidwa. Pamjigo ndinayamba kusuzumira mapazi a ana ali kumbuyo kwa anzanga. Wa mayi wina wamasiye anali wotupa. Kamwana kena koleredwa ndi agogo ake, chimodzimodzi. Ngakhale wa mkulu wa mpingo, bambo woti sapita patali kuposa kutchalitchi! Ndinadzifunsa kuti kodi amuna a mudzi wonse anapangana kuchimwa mwezi umodzi? Nditafunsafunsa, ndinapeza kuti ana onsewa anali osiya bere, ndipo ankangodya phala la makaka, chinangwa chouma chija, m'mawa ndi madzulo, lopanda ngakhale nsinjiro.

Tsiku la ankhoswe ndinakhala nawo pamphasa.

"Amalume, ndifunse nawo," ndinatero. "Mwana wa amayi amasiye aja wamutsempha ndani, poti bambo ake ali kumanda?"

"Iwe mwanawe, unayamba liti kuyankhula pabwalo la akulu?"

"Lero, amalume. Mwanayu ndinabereka ndine."

Amayi anga ananditsina pantchafu kuti ndikhale chete. Mantha ndinali nawo, osanama. Komabe ndinadzuka, n'kubereka mwana, n'kumuuza mwamuna wanga kuti atulutse njinga tipite kuchipatala.

"Akakafera kumeneko usadzatilirire," amalume anakuwa tili kale pamsewu.

Kuchipatala namwino anadina phazi, nandifunsa zimene mwana amadya. Za kumene bambo ake amagona sanafunseko n'komwe. Anati vuto ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi. Anatigoneka, n'kuyamba kumupatsa mkaka wapadera pang'onopang'ono, kenako phala la likuni.

Kutupa kutaphwa, mwana anatsala mafupa okhaokha. Apa ndiye ndinalira. Ndinkati ndapha mwana ndi makani anga, ndipo kumudzi ndikaloza chiyani? Namwino anati limenelo ndilo thupi lake lenileni, kutupa kuja anali madzi amene ankatinamiza. Ndinasankha kumukhulupirira, chifukwa iye yekha ndi amene ankandiuza chifukwa cha chilichonse ndikafunsa.

M'mawa wina ndikumudyetsa, mwana uja anandilanda supuni n'kudzipaka phala kumaso konse. Bambo ake anali pawindo, poti amuna sankaloledwa kukhalitsa mkati. Mwana atawaona anaseka, koyamba chiyambire kudwala.

"Musamangenso katundu uja," ndinawauza pawindo pomwepo. "Tikubwerera kwathu tonse atatu, ndipo wokuthamangitsani ayambe wathamangitsa ine."